Kachitsulo kamene kanandilanda Lachisanu

Kulemba sindikudziwa bwino, sukulu ndinaisiyira panjira, koma nyama ndimaidziwa. Funsani kuyambira ku Makokola mpaka ku Chembe kumene amadya mbuzi yowotcha yofewa. Akulozerani kuloji kumene ndakalambira ine, kuseri kwa khitchini, pa mgolo wodula pakati umene timawotcheramo.

Lachisanu lililonse alendo amadya mbuzi thu koloko masana. Lachisanu lomwelo ndi tsiku la Juma, mapemphero athu aakulu a kumzikiti. Zaka zonsezi zinthu ziwirizi sizinkalimbana. Ntchafu ndinkaziika pamoto m'mawa. Dzuwa likafika pamutu ndinkakwirira makala ndi phulusa, kusiya kadiso kamodzi kofiira, kuvindikira mgolo, n'kupalasa njinga kupita kumzikiti. Phulusa limaigoneka nyama, siipserera, siizizira. Kumzikiti malo anga anali mzere woyamba, ndipo “Amina” wanga ankamveka mpaka kumsika. Pobwera ndinkakankha phulusa, kukupiza pang'ono, alendo n'kumanyambita zala.

Kenako kunabwera manijala watsopano, mayi wa ku Blantyre, msinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Lolemba lina anatulutsa m'kabokosi kachitsulo konga msomali, kopanda waya.

“Abambo, aka muzikabaya m'nyama. Kaziuza foni yanga kutentha kwa m'kati mwa nyama, ndi kwa moto komwe.”

Ndinaseka mpaka otsuka mbale anasuzumira pawindo. “Amayi, chala ichi chinayamba kuyeza nyama inu musanabadwe!”

“Chala chanu sichilankhula ndi foni yanga,” anatero akumwetulira.

Ndinafuna kukachititsa manyazi kachitsuloko. Masiku anayi ndinkadina nyama ndi chala, ndikamva kuti yapsa ndinkakhala duu, kudikira kuti kaname. Ndisanameze malovu, foni inkalira mu ofesi. Ng'ombe, nkhuku, chimodzimodzi. Pa chambo pokha kankasokonezeka, chifukwa chambo chong'amba n'chopyapyala, palibe pobaya. Zimenezo ndinazilengeza khitchini yonse. Koma mumtima ndinkadziwa kuti pa nyama kachitsuloko sikanama.

Lachisanu ndinachita za masiku onse. Pobwera kumzikiti ndinapeza amanijala ataima pa mgolo wanga, foni ili m'manja.

“Moto unazima, abambo. Onani.”

Zolembazo sindinaziwerenge, koma mzere ndinauona, wotsetsereka ngati msewu wochokera m'phiri.

“Sunazime! Ndinaugoneka. Lawani kaye nyamayo.”

Analawa, n'kuonjezera kachiwiri. “Ndi yokoma, sindikana. Koma eni loji nawonso amauona mzerewu pafoni yawo, kunja komwe aliko. Andiimbira kale. Akuti wowotcha amene amasiya moto timusinthe.”

“Ndiye mbuzi tiziwotcha Loweruka.”

“Ndawapempha zimenezo. Akuti alendo anauzidwa kale kuti mbuzi ndi Lachisanu.”

Pa msinkhu wanga ndani angandilembe ntchito? Nyanja ndinaisiya kalekale, msana uwu sungakokenso khoka. Koma mwamuna wamoyo, wa miyendo yake, kujomba Juma? Sabata yonse ndinkazungulira mgolo ngati mbuzi yapachingwe.

Lachisanu lotsatira ndinati: kachitsulo kakufuna moto, kaulandire. Moto sindinaukwirire ndi phulusa. Ndinaonjezera makala kuti mzere usatsike, n'kupalasa njinga ngati wothamangitsidwa. Ashehe ankalalikira, ine mtima uli pa mgolo. Mapemphero a swala atangotha ndinatuluka osapatsa munthu moni.

Utsi ndinauonera pageti. Ntchafu zonse zinali bii ngati zitsa zam'munda wotentha. Amanijala anali atapita kubwalo la ndege kukatenga alendo, ndipo foni inawalirira ali m'galimoto, palibe woti aphule. Tsiku limenelo alendo anadya mazira. Ine, amene sindinapserezepo nyama chibadwire!

Amanijala akanandikalipira bwenzi zili bwino, kukuwa ndimakutha. Koma anangoyang'ana zitsazo n'kunena motsitsa, “Kachitsulo kananena kuti yapsa inu mutangotuluka kumene, abambo. Kwa eni ake ndinena kuti makala anali oipa. Kachiwiri sindingathe.”

Kachitsulo kananena zoona Lachisanu loyamba, kananenanso zoona lachiwiri. Chimene sikadziwa n'chakuti munthu ali ndi kwina koti apite.

Tsopano Lachisanu ndimakhala pa mgolo. Mphepo ikachokera kumudzi, adhana yoitanira anthu kumzikiti imandipeza nditagwira chokupizira. Mnzanga amene amabweretsa chambo, amene tinkaima naye mzere umodzi, salephera kundizonda akamadutsa atavala mkanjo wake woyera.

“Achimwene, mzikiti wazizira! Amina uja ali kuti? Kapena shehe wanu watsopano ndi msomali?”

“Pitani mukandipempherere, inu ogulitsa nsomba zadzulo!” Ndimakuwa choncho kuti khitchini iseke, ndipo imasekadi.

Akapita ndimayala thumba kuseri kwa nkhuni n'kuswali ndekha, mofulumira, khutu lili kuwindo la ofesi. Pamenepo “Amina” ndimanong'ona, kuopa kuti foni ingalire ine osaimva.