Khoma la Tchalitchi ndi Diresi Langa Loyera

Ndikukumbukira chaka chimene khoma la tchalitchi chakale cha m'mudzi mwathu, kufupi ndi Nambuma, linang'aluka mpaka mbuzi zinkasuzumira tili pa mapemphero. Tchalitchicho chinamangidwa ndi agogo athu, akhristu oyamba m'dera lonselo, ndipo ntchito yochikonza inagwera bambo anga, mmisiri wa njerwa.

Ine nkhawa yanga inali ina. Ansembe a ku mishoni anali atalonjeza kubwera pa njinga yamoto mvula isanagwe, kudzatipatsa Ukaristia woyamba, koma pokhapokha tchalitchi chitatha. Mayi anali atandisoketsera kale diresi loyera kwa telala. Ndinkalitulutsa mobisa m'sutikesi n'kumalinunkhiza, fungo la nsalu yatsopano lija.

Anthu anati angotseka mng'aluwo ndi zidina, apake laimu, ntchito ithe. Bambo anakanitsitsa. Anagumula khoma lonse mpaka pansi, napanga chikombole chachikulu cholingana ndi njerwa zakalezo, poti za masiku amenewo zinali zazing'ono. Utsi wa uvuni unatilowa m'zofunda ndi m'tsitsi momwe. Njerwa zitapsa, ankagogoda iliyonse ndi chitsulo. Yolira bwino ankaiika pambali, yosamveka ankaitaya, ndipo ankataya zambiri moti ndinkaona ngati akuchitira dala.

Mitambo itayamba kuda, ndinawalirira kuti afulumire. Anandiyang'ana, manja ali matope okhaokha.

"Mwanawe, Ukaristia udzalandira chaka chamawa. Khomali likadzagwera anthu, ine ndidzawauza chiyani agogo ako?"

Mvula inagwa khoma lili m'chiuno, ndipo ansembe sanabwere. Ndinatha masiku ndili ndwii, osawaseka bambo ngakhale atandibweretsera nzimbe. Chaka chinacho tchalitchi chinatha, koma ine ndinali nditatalika ngati bango. Diresi linakana kulowa m'mapewa. Amene analivala ndi mng'ono wanga Rozina, ine ndinalandira Ukaristia m'diresi lobwereka, lachikasu m'khwapa.

Masiku ano nyumba imatha mwezi umodzi, penti waliwali, koma mvula ziwiri zokha mng'alu wayamba. Khoma lija lilipobe, ndipo simungaloze pamene panathera manja a agogo n'kuyambira a bambo. Adzukulu anga abatizidwira m'menemo, palibe amene amayang'ana kumwamba ndi mantha. Bambo sanalakwe, zimenezo sindikayika n'pang'ono pomwe. Koma diresi langa sindinalivale, ndipo ndi imvi zangazi zimandiwawabe.