Miphika Yopanda Mwini pa Chilumba

Ndikukumbukira bwino lomwe ulendo umene banja lathu la ku Kawale linagona ndi njala chakudya chili m'maso, pa chilumba cha pakati pa nyanja yamchere. Ndikafotokoza nkhaniyi pa maliro kapena pa msonkhano wa kumpingo, achinyamata amatsinana n'kumaseka, akuti mdalayu wayamba kulota masana. Zimandipsetsa mtima kwambiri. Ine sinditaya pepala. Tikiti ya ndege ilipo, khadi la chipinda chimene tinagonamo lilipo, ngakhale kapepala kamene anamangirira pa sutikesi ya mayi kali m'bokosi langa lachitsulo. Wokayika abwere ku Area 25 ndidzamuonetse, koma ayambe wasamba m'manja.

Bambo anga anali kalaliki ku kampani ya ndege. Atagwira ntchito zaka zambiri osajomba, mabwana anawapatsa matikiti a banja lonse ndi malo ogona ku hotela ina ya m'mphepete mwa nyanja ku Mauritius. Ine ndinali mu Sitandade 4, mlongo wanga Edina anali asanayambe sukulu. Anthu a mumzere mwathu anatiperekeza mpaka pa siteji ngati tikupita kunkhondo. Mayi anakazinga mtedza, anaphika chigumu, n'kumanga zonse m'chitenje, chifukwa iwo sankakhulupirira ulendo wopanda kamba. Bambo anawaseka, amvekere kumene tikupitako chakudya n'cha mwanaalirenji.

Za m'ndege sindikumbukira zambiri kupatula kugontha kwa makutu. Nyanja ndiye sindidzaiiwala. Madzi amene ndinkawadziwa anali a pampopi ndi a mumtsinje wa Lilongwe, ofiira ndi matope m'dzinja. Awa anali obiriwira pafupi, moti nsomba zimaoneka pansi ngati zili m'botolo, ndipo kutsogolo ankanka nada mpaka kukakumana ndi thambo. Mchenga unali mbuu, ngati ufa woyera woyanika pamkeka, wofewa mpaka ndinachita mantha kuupondapo. Ndinatunga madzi m'manja n'kumwa, ndipo ndinalavula nthawi yomweyo. Mayi anaviika chala, analawa, kenako anayang'ana kumene madziwo ankathera.

"Abambo a Yohane," anatero, "mchere wonsewu ukungowonongeka chonchi, ife ku Kawale tikupemphana wa pasupuni?"

Masana amenewo tinapita kodyera. Chinali chigafa chachikulu chofolera ndi masamba a kokonati, chopanda makoma, pansi pake mchenga womwe uja. Pakati panali tebulo lalitali kuposa kalasi yathu, ndipo pamenepo ndinaona zinthu zimene sindinkadziwa kuti Mulungu analenga. Panali nsomba yootcha yaitali ngati Edina. Panali mpunga woyera, mpunga wachikasu, mpunga wosakaniza ndi tinthu tofiira. Panali nkhanu zazikulu ngati mkono wa bambo, zofiira psuu, za ndevu zazitali zopindika. Panali chinthu china cha miyendo yambirimbiri yokhala ndi timabatani, chimene mayi anangochiona kamodzi n'kutembenuza nkhope. Zinanazi anazisema ngati mabwato. Kumapeto kwa tebulo kunaima mbalame yosema ndi madzi oundana, ikudontha pamlomo pang'onopang'ono, ndipo palibe amene ankaidandaula. Fungo lake linali la batala, adyo, utsi wa makala ndi zina zonunkhira zosadziwika, moti malovu anadzaza m'kamwa mwanga ndisanakhale n'komwe pansi.

Koma pa miphika yonseyo panalibe munthu wopakula. Alendo, ambiri a iwo azungu ofiira ndi dzuwa, ena atavala makabudula amkati okha, ankatenga mbale, kuvundukula miphika okha, n'kumadzipakulira mmene afunira. Wina anabwerera katatu konse ine ndikuona.

Bambo anatikhazika patebulo lapakona. Anali atavala tayi. Kunabwera mnyamata woperekera zakudya, anamwetulira, analoza tebulo lalitali lija n'kunena m'Chingerezi kuti tikatenge chilichonse. Bambo anamuthokoza m'Chingerezi chawo cha ku ofesi, namuuza kuti tikudikira. Mnyamatayo anaganiza kuti pali anzathu ena amene akubwera, ndipo anachoka mwaulemu.

"Nagama," bambo ananong'oneza mayi, "ine Mngoni wa ku Ntcheu ndinayamba ndavundukulapo mphika chibadwire? Pitani mukapakule."

"Ndikapakule mphika wa ndani? Mwini wake mwamuona inu? Ine ndifike pamudzi pa eni lero, lero lomwe n'kukapisa dzanja mumphika wa mkazi mnzanga asanandipatse chipande? Mukufuna andiyese wakuba?"

"Onsewa akutenga okha."

"Onsewa ali maliseche. Nanunso muvula?"

Bambo anakonza tayi. Anagamula kuti mwini malo ayenera kuti watanganidwa ndi alendo, ndipo madzulo adzatulukira kuti atilonjere ndi kutiitanira kuchakudya monga zimakhalira kulikonse kumene kuli anthu. Tinabwerera kuchipinda n'kukadya chigumu.

Zakumwa zokha ndi zimene tinkalandira, chifukwa izo amachita kubwera nazo patebulo n'kukuikira pamaso. Mnyamata uja anatibweretsera makokonati aawisi odula pamwamba, lililonse lili ndi kapaipi koyamwira ndi kaambulera ka pepala. Ndinadabwa kuti chakumwa chingafune ambulera pa chifukwa chanji, mvula kulibe. Nditayamwa, madzi ake anali ozizira, otsekemera patalipatali, onunkhira ngati kumunda mvula yoyamba itangogwa. Sindinamvetse kuti madzi aja analowa bwanji m'chipatso chotseka chokhala pamwamba pa mtengo. Tinamwa amenewo, tinamwa a chinanazi, tinamwa ena ofiira okhala ndi timiyala ta ayezi tolira m'tambula. Madzulo mwini malo sanabwere. Tinamaliza mtedza. M'mawa mwake tinamwa tiyi wosadyera, mabanzi atawunjikana chapatali ngati njerwa. Tikamayenda, mimba zinkalira khuchukhuchu ngati zigubu.

Pofika masana Edina anali atasiya kusewera ndi mchenga. Analira pang'ono, kenako analowa pansi pa tebulo n'kugona, chala chili m'kamwa. Bambo anayamba kunena zoti akafunse ngati ndege yobwerera ingapezeke msanga, pakuti sangakhale pamalo pamene mlendo samuitanira chakudya. Ndinayang'ana nkhanu zofiira zija ndipo ndinadziwa kuti tikachoka lero, ndidzafa ndisanazilawe.

Mayi anasuzumira pansi pa tebulo, anayang'ana bambo, kenako anaimirira n'kumangitsa chitenje.

"Yohane, dzuka. Iwe ndi amene umaphunzira Chingerezi. Palibe mphika wopanda mwini."

Tinazungulira kuseri kwa chigafa, kutsatira utsi, mpaka tinafika pa chitseko chotsekula chimene munkatuluka nthunzi ndi phokoso la ziwaya. Mayi anaima patali pang'ono n'kuomba m'manja.

"Odi! Odi kuno eni ake!"

Amuna ovala zipewa zoyera zazitali anasiya mipeni n'kumatiyang'ana. Mayi sanawalabadire. Maso awo anapeza mayi wina wachikulire, wakuda ngati ife, wojintcha, wovala duku, amene anakhala pakhomo akupala nsomba. Anapita n'kukamugwadira, nayamba kufotokoza zonse m'Chichewa, kuyambira kumene tachokera. Atandikodola kuti nditanthauzire, Chingerezi changa chonse chinathawa. Ndinangopereka moni wa masana wa kusukulu, kawiri. Mayi wa nsombayo anayankha m'chinenero chake, chimene sichinali Chingerezi n'komwe. Ndiye mayi anga anayamba kulankhula ndi manja. Anagwira pamimba, anaonetsa msinkhu wa mwana, anayerekeza kuvundukula mphika, kenako anabweza dzanja msanga ngati lapsa, n'kuloza mayiyo, n'kutambasula manja onse awiri.

Mayi uja anatiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaseka, chiseko chachikulu chogwedeza thupi lonse, mpaka misozi. Koma atamva Edina, amene anali atadzuka, akulira chapatali, kuseka kunatha. Anapukuta manja pa epuloni, anadzutsa mayi anga powagwira pamkono, n'kutuluka nawo mpaka pa tebulo lalitali, mamba a nsomba akunyezimira m'mikono mwake. Anavundukula miphika umodziumodzi, kutchula dzina la chilichonse, ndipo pomaliza anatola chipande n'kuchiika m'manja mwa mayi, n'kuwafumbatitsa. Mpaka lero sindidziwa ngati anali ndi udindo uliwonse pa hotelapo. Mwina ntchito yake inali yopala nsomba basi. Kwa mayi anga zinakwanira.

Mayi anayamba kupakulira bambo: mpunga ndi mutu wa nsomba yaikulu ija, umene azungu onse ankaulambalala. Anakapereka atagwada mumchenga, chigafa chonse chikuonerera. Mayi wa nsomba anakuwira mnyamata uja kuti abwere ndi beseni ndi jagi. Bambo anasamba m'manja, natipempherera pemphero lalitali limene ndinaliona ngati chilango. Ine ndi Edina anatipakulira mbale imodzi monga kunyumba.

Nkhanu ija anandiswera ndi mayi wa nsomba yemweyo, ndi manja ake. M'kati munali mnofu woyera ngati thonje, wotentha, wotsekemera, osati nkhuku, osati nsomba, koma chinthu china chimene chinali ndi kukoma kwa nyanja yonse ija. Batala ankatsetsereka mpaka m'chigongono. Ndinatseka maso. Kutsogolo mafunde ankaswa pamiyala, mphepo inkaseweretsa masamba a padenga, ndipo ine mwana wa ku Kawale, amene nyama ndinkaiona pa Khirisimasi, ndinaganiza kuti kumwamba kumene abusa ankanena kuyenera kukhala chapafupi ndi pamenepa. Edina anadya mpunga wachikasu mpaka anagonera m'mbale.

Bambo atamaliza kuswa mutu wa nsomba, anatsamira pampando namasula tayi.

"Mwaona, Nagama? Munthu ukadekha, mwini wake amabwera."

"Wabwera yekha?" mayi anafunsa, akupukuta Edina pakamwa.

Masiku onse otsalawo, nthawi ya chakudya ikakwana, mayi uja ankatuluka kukhitchini kudzapereka chipande kwa mayi anga, ndipo awiriwo ankacheza kwa kanthawi, aliyense m'chinenero chake.

Lero kudzipakulira kuja kunatipeza kwathu konkuno. Pitani ku ukwati uliwonse m'maholo a mu Lilongwe muno. Anthu aulemu wawo, madikoni, maheditichala opuma, amandandalikana pamzere mbale zili m'manja ngati akaidi. Mwamuna wa suti amavundukula mphika yekha, kuwunjika nkhuku pamwamba pa mpunga, nyemba pamwamba pa nkhuku, keke pambali. Palibe wokulonjera, palibe wokuthirira madzi, palibe woti umuthokoze ukakhuta. Ndimadandaula kwa apampando a komiti nthawi zonse, iwo amangoti zinthu zinasintha, agogo.

Ine sindiima pamzere. Mwezi wathawu ku ukwati wa mwana wa mnzanga ku Nsungwi ndinakhala pampando wanga, tayi ili pakhosi, kudikira. Anthu anadya, anavina, miphika inatha, anyamata anayamba kupinda matebulo. Ndinakwera minibasi kubwerera kunyumba ndi njala, ndipo m'njira ndinayamba kudziseka ndekha. Kudikira ndinatengera kwa bambo, ndipo ndimakutha bwino. Koma bambo ankadikira ali ndi mayi pambali, munthu wodziwa kuzungulira kuseri n'kukaodira.