Kamera ya a Golden ndi Phiri Lopanda Madzi

Pa anthu onse amene ndawagulitsapo kamera kuno ku Dubai, palibe amene anandipsetsa mtima ngati a Golden Namakhwa. Ine ndine Zubairi, kwathu ndi ku Namwera, ndipo ndimagwira ntchito m'kasitolo ka makamera ndi mafoni akale ku Muraqqabat. Amalawi akafuna foni yotchipa amabwera kwa ine. A Golden anabwera kudzafuna kamera, mwano uli patsogolo.

A Golden ndi mlonda. Zaka khumi ndi chimodzi akhala pageti la nyumba ina yosanja ku Sports City, maola khumi ndi awiri patsiku, kukweza chitsulo galimoto ikabwera, kuchitsitsa ikadutsa. Koma musayerekeze kuwatcha mlonda. Iwo ati ndi mwana wa phiri. Kwawo ndi ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, ndipo asanabwere kuno anatha zaka khumi ndi zisanu akunyamula katundu wa alendo okwera phiri. Nkhani imeneyi tinaimva mpaka makutu kuwawa. Tikakumana ku Karama kumwa tiyi, iwe ungoti kunja kwatentha, basi walakwa. Ayamba za chifunga cha pa Chambe, za fungo la mkungudza, za mzungu wina amene anamubereka kumsana kuchokera ku Lichenya mpaka kumsewu. Mzunguyo amanenepa chaka ndi chaka. Ulendo womaliza kumva nkhaniyi anali atafika makilo zana ndi makumi awiri.

Mwayi unawapeza pageti pomwepo. M'nyumba imene amalondera mumakhala mayi wina wa ku Philippines, Madamu Angelina, amene ali ndi kakampani kotengera anthu a m'maofesi kumapiri Loweruka lililonse. Ankafuna munthu woyenda kumbuyo kwa gulu, kuona kuti pasatsale wina, komanso kujambula alendo. Atamva za Mulanje anati: "Bwerani Loweruka limodzi ndikuoneni. Mukachita bwino, ntchito ndi yanu, za viza ndikonza ndine. Mutenge kamera yaing'ono ndi malita anayi a madzi."

Kunena zoona, ine ndinawakondwerera. Munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, mawondo atayamba kulira chifukwa choima pamodzimodzi, khomo lotulukira pageti silitseguka kawiri. Iwonso ankadziwa zimenezi. Anali atawaimbira kale akazi awo, mayi Dainess, kuti auze Likhubula yense kuti mwana wa phiri wabwerera kuphiri.

Tsiku limene anabwera kusitolo ndinawatulutsira kakamera kakuda kokwana m'thumba la shati.

"Achimwene, yanu ndi iyi," ndinatero. "Njopepuka. Fumbi sililowa, ikagwa pamwala siisweka, ndipo mutha kujambula ndi dzanja limodzi, lina mutagwira thanthwe. Ndikuwonjezerani batire lachiwiri, chifukwa kutentha kwa kuno kumadya batire ngati chiswe."

A Golden anakanyamula ndi zala ziwiri ngati anyamula mbewa yoola.

"Che Zubairi, mukundinyoza? Aka ndi ka sopo kapena?"

"Ndi kamera, achimwene."

"Ine ndanyamulira azungu enieni. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakwera Mulanje ndi kachoseweretsa ana ngati aka." Maso awo anali ali kale pashelefu yapamwamba. "Ndipatseni ijo."

Ijo ankanenayo inali chikamera chakale cha ojambula maukwati, chilenzi chake chachitali ngati munsi, cholemera moti ine pochitsitsa ndimagwira ndi manja awiri. Chinali ndi chikwama chakechake ndi miyendo itatu yochiimikira. Chinakhala pamenepo zaka zitatu, ngakhale bwana wanga anali atachiiwala.

"Madamu ananena kuti yaing'ono," ndinawakumbutsa.

"Madamu akudziwa chiyani za phiri? Anthu oyenda ndi ndodo ziwiri ngati nkhalamba! Izi amati mapiri kunozi ndi zulu, Che Zubairi. Ine ndingazikwere nditavala masilipasi."

Asa! Ndinawauza za kulemera, ndinawauza za malo m'chikwama, ndinawauza kuti pofika potulutsa chinthu chimenechi n'kuchotsa chivundikiro, mlendo amene amamwetulira adzakhala atafika kale pa minibasi. Bwana wanga Mpakistani anandiyang'ana ndi diso loti, iwe, wogula akufuna chodula ukumukaniziranji? Ndiye ndinati khalasi, basi zatha, tengani. Pamene ankachikoleka m'khosi ndinaona nkhope yawo ikuwala, ndipo ndinamvetsa kanthu kena. Zaka khumi ndi zisanu ananyamula makamera otere m'zikwama za eni, osaloledwa ngakhale kusuzumiramo. Ndinawamvera chisoni pang'ono, koma chisoni chinatha atanena potuluka kuti ife a ku Mangochi phiri timangolionera pa kalendala. Munthu wa ku Namwera, ati sindidziwa phiri!

Za Lowerukalo ndinazimva kwa Bakali, mnzanga amene amayendetsa minibasi ya Madamu. Akuti atafika kumapiri a ku Shawka m'mawa, aliyense anayamba kumanga chikwama chake. Cha a Golden chinakana kutseka. Chikamera, chilenzi, miyendo itatu ija, bokosi la mankhwala limene Madamu anawapatsa, ndi mabotolo anayi a madzi, zonse sizikanalowa. A Golden anayang'ana uku ndi uku, n'kutulutsa mabotolo onse anayi n'kuwakankhira pansi pa mpando.

"Achimwene, madziwo?" anafunsa Bakali.

"Iwe Bakali, unaona kuti munthu akunyamula madzi kupita nawo kuphiri? Madzi amachokera kuphiri. Ukamva ludzu umangowerama."

Bakali akuti anawauza kuti kuno si ku Mulanje, koma iwo anamuloza makwawa otsika m'phirimo n'kuti, "Ukuona mizere iyo? Yonseyo ndi mitsinje. Iwe dziwa za giya." Safunsa anadya phula, abale. Ku Mulanje n'zoona, sungayende ola osadumpha kamtsinje, ndipo wonyamula katundu amangotenga kapu. Koma makwawa a kuno, amene eni ake amati wadi, amaona madzi mwina kawiri pachaka. Masiku ena onse ndi miyala yokhayokha yotentha ngati chiwaya.

Zotsalazo sindinachite kumva kwa munthu. Lachitatu lotsatira a Golden analowa m'sitolo mwakachetechete, milomo itang'ambika, n'kuika chikamera chija patebulo.

"Mundigulitsire," anatero. Sanandiyang'ane.

Tisanalandire kamera timayamba taona ngati ikugwira ntchito, choncho ndinaiyatsa. Ulendo wonse unali momwemo.

Zithunzi zoyamba zinali zabwino, ndisaname. Mapiri ofiirira, dzuwa likungotuluka, alendo khumi ndi awiri akuseka. Kenaka zinayamba kupendekeka. Alendo ankaoneka misana yokha, patali, chifukwa mwini kamera ankatsalira akulimbana ndi chivundikiro ndi miyendo itatu. Cha m'ma teni koloko anthu anasowamo m'zithunzi. Munali miyala, khwawa louma, khwawa linanso louma, ndi dzenje limene munthu anafukula ndi manja mumchenga.

"Apa mumatani?" ndinafunsa.

"Kwathu ukafukula pokhota mtsinje, madzi amatuluka."

"Nanga osapempha bwanji kwa alendo? Anthu khumi ndi awiri, aliyense ndi madzi ake!"

Apa ndiye anadzutsa mutu, n'kundiyang'ana ngati ndatukwana. "Wonyamula katundu sapempha madzi kwa mlendo, Che Zubairi. Bambo anga sanachitepo. Ine sindinachitepo. Mlendo akaona kuti wamutsogolera ali ndi ludzu, mtima wake umagwa."

Koma abale inu! Ndiye kuli bwino mlendo aone womutsogolera atagwa chagada? Chifukwa n'zimene zinachitika. Madamu atawafunsa kawiri ngati ali bwino, iwo ankangoti "fayini, Madamu, fayini," lilime litauma gwa. Kenaka anasiya gulu n'kutsikira m'khwawa kukasaka mtsinje wawo uja. Munthu amene anapatsidwa ntchito yoona kuti pasasowe wina, ndi amene anasowa. Alendo anatha pafupifupi ola akukuwa dzina lawo, mpaka anawapeza atagona pansi pa kamtengo kaminga, chikamera atachikumbatira pachifuwa.

Chithunzi chomaliza sanajambule ndi iwo. Mlendo wina amene anapatsidwa kamera kuti anyamule ndi amene anadina. Chikuonetsa amuna anayi a m'maofesi, aja oyenda ndi ndodo ziwiri ngati nkhalamba, atanyamula mwana wa phiri, awiri kumiyendo awiri kumapewa. Kumbuyo kwawo kukubwera Madamu Angelina, kamunthu kochepa thupi, atabereka chikwama chake kumsana, cha a Golden kutsogolo, miyendo itatu ija ili paphewa.

Ndinafuna kuseka, wallahi ndinafuna. Mawu onse amene ndinawasungira anali pakamwa: za zulu, za masilipasi, za kalendala. Ndinangotulutsapo amodzi.

"Tsobola wakale sawawa, achimwene."

Iwo anangoti, "Madamu sanakalipe. Anandipatsa madzi a mchere, anandiperekeza kuchipatala. Kenaka anati, Golden, miyendo muli nayo, koma sindingapereke anthu anga kwa munthu amene amabisa ludzu." Analoza chikamera chija. "Fufutani zonse."

Ndinayamba kufufuta kuchokera kumapeto. Amuna anayi aja anapita, dzenje linapita, makwawa anapita, misana ya alendo inapita. Nditafika pa chithunzi choyambirira anandigwira dzanja. Chinali chimene anawajambula Bakali asananyamuke: a Golden ataima pamwala, chikwama kumsana, phiri kumbuyo, akumwetulira mano onse panja. Sindinawaonepo akumwetulira choncho pageti.

"Ichi mundisindikizire," anatero. "Mayi a kunyumba akudikira."

"Muwauza chiyani?"

"Chithunzi chinena chokha."

Ndinasindikiza, ndipo sindinawalipiritse. Chikamera chinabwerera pashelefu yake yapamwamba, pomwe chili mpaka lero.

Kakamera kakang'ono kaja, ka sopo, sikanakhalitse. Patatha sabata ziwiri Madamu Angelina anabwera yekha kudzakagula, pamodzi ndi batire lachiwiri, kuti akapatse munthu wa ku Nepal amene anamulemba ntchito ija. Ndine ndinawalozera a Golden kameneka poyamba, ndipo ndinenso ndinakakulunga n'kukapereka kwa wina. Zinandiwawa kuposa mmene ndinkaganizira.

Bakali akuti Loweruka lililonse m'mawa amakatenga Madamu ndi alendo ku Sports City. Minibasi ikafika pageti, Mnepali uja amakhala pampando wakutsogolo, kakamera kali m'thumba la shati. A Golden amatuluka m'kanyumba kawo atavala yunifomu, amakweza chitsulo, amachita saluti, n'kuima choncho mpaka minibasi itakhota. Kenaka amatsitsa chitsulo.

Ku Likhubula, chithunzi chija mayi Dainess anachiika m'felemu pabalaza, ndipo aliyense wolowa amauzidwa kuti bambo anabwerera kuphiri.