Tsiku limene ndinagwila mpweya pa manda

Anzanga, ofuna kuseka aseke, koma izi si zomva kwa ena ayi, zinandichitikila ine mwini nthawi ya Chitaganya, ndili ndi mwana mmodzi yekha, kumudzi kwathu kuseli kwa Minga.

Mwanayo anatentha thupi m'mawa, pofika masana maso anali atatembenuka, ndiye ndinam'beleka kumsana kuti ndithamange naye kuchipatala cha mishoni. Njila yachidule inali yokwela chitunda, ndipo inadutsa m'mbali mwa manda. Apongozi anga pondimanga nsalu anandilangiza kuti ndikafika pamenepo nditseke pakamwa, ndisapume mpaka mitengo ya manda itathela, chifukwa akufa akamva mpweya wa wobeleka wodwala amatsatila. Ine mtsikana wamantha, ndikanatsutsa bwanji?

Ndinafika pa chitunda ndili wefuwefu, mtima ukugunda m'makutu, ndipo mtengo woyamba utaoneka ndinatseka pakamwa n'kumathamangabe. Mayo ine! Chifuwa chinayaka moto, nthiti zikudzikoka zokha, koma ndinaluma mano. Kenako ululu wonse unangotha. Dzuwa linayela ngati ufa, mapazi anga sanalinso kugunda pansi, ndipo pansi pa mitengo ndinaona azimai ovala bwino akupeta mapila popanda phokoso lililonse, mankhusu akuuluka pang'onopang'ono osagwa. Mmodzi anandikodola, nati nditule mwana ndipumule, amugwilila iye. Kunena zoona, kunali kokoma kumeneko, ndipo manja anga anali atayamba kumasula mfundo ya nsalu.

Chimene chinandibweza ndi mkokomo wonyansa, ngati ng'ombe yotsamwa, ndipo ndinazindikila kuti ukutuluka m'kamwa mwanga. Ndinali chafufumimba m'njila, dothi m'mano, manda ali pomwepo, chifuwa chikukoka mpweya chokha osandifunsa. Ndinayesa kuchiletsa, chinakana. Mwana anali kumsana, mfundo itatsala pang'ono kumasuka, ndipo nditamva kampweya kake kotentha pakhosi panga ndinalila ngati wamisala, n'kudzuka kuthamanga pakamwa pali yasa.

Kuchipatala anam'baya jekeseni, anachila. Namwino nditamuuza anagwila pakamwa, nati munthu akathamanga thupi limapanga mpweya woipa wambili, ndipo ukachuluka m'magazi thupi limalamula chifuwa kupuma msanga, ufune usafune. Ukalimbana nalo limakugwetsa kuti lipume bwino. Apongozi anaumilila kuti azimai aja anali enieni, ndipo sindinakangane nawo, pakuti ndinawaona ndi maso angawa.

Lelo ndimakhulupilila kuti Mulungu anaika mlonda m'chifuwa amene samvela apongozi kapena mantha athu. Inu azimai, mukathamanga ndi wodwala, pumani, ngakhale pakati pa manda penipeni. Azimai aja sanandiitane ndikupuma, anandiitana nditasiya.