Kukaona manda a eni ku Buenos Aires

Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi ku Ilford, kuno kunja kumene timakhala, Anaphiri anandikoka dzanja kuti ndikamwe tiyi kwawo. Anaphiri ndi namwino, munthu wamkulu, wosalankhulalankhula. Angobwera kumene kuchokera ku Buenos Aires, likulu la Argentina, kumene anakakhala nawo pa ukwati wa mwana wa mnzawo wa pawodi.

Ine m'mtima ndimati mwina pali kamphatso. Anandipatsa envelopu ya zithunzi.

Mzindawo ndi wokongola, sindinganame. Msewu wina ndi wotakata moti Anaphiri akuti anawoloka kawiri, kupumira pakati. Nyumba zopaka zofiira, zachikasu, zobiriwira, zonse khoma limodzi. Mwamuna ndi mkazi akuvina atakumbatirana pamsewu, masanasana, anthu akuwomba m'manja. Nyama yowotcha yoposa mbale yake.

Kenaka ndinafika pa tinyumba tamiyala, tazitseko zagalasi, angelo pamwamba.

"Nanga timatchalitchi iti?"

"Si matchalitchi, achimwene. Ndi manda."

Ndinaika chithunzicho pansi msangamsanga. Inu mukudziwa mmene tinakulira. Kumanda sapitako wamba, saloza ndi chala, ndipo ukachokako umasamba m'manja usanalowe m'nyumba. Koma kumeneko, akuti, manda ali pa mndandanda wa malo okaona alendo. Pachipata amakupatsa mapu. Anthu amalowa ndi makamera, ena akunyambita aisikilimu, amphaka akuwothera dzuwa pamakomo a akufa.

Anaphiri anakana kaye pachipata. "Ndinamuuza mnzanga kuti iwe, wamwalira ndani? Iye kuseka." Analowa poopa kutsala okha panja, manja kumbuyo, akulankhula monong'ona.

Pakona ina anapeza mayi wokalamba ali ndi ndowa ndi kansanza, akupukuta chitseko cha manda uku akucheza nacho. Sanali mlendo. Mnzawo uja atafunsa m'chinenero cha kumeneko, mayiyo anati muli amayi ake, ndipo amabwera Lachinayi lililonse kudzawauza za kunyumba.

"Ine sindinapitirire," Anaphiri anandiuza. "Ndinakhala pabenchi. Enawo anazungulira manda onse n'kundipeza pomwepo."

Amayi a Anaphiri anamwalira zaka zinayi zapitazo, mapepala awo okhalira kuno asanatuluke. Maliro anawamvera pafoni, nyimbo ikumveka patali, mpaka khadi yoimbira inatha. Mapepala anatuluka kalekale, koma kumudzi sanapondeko. Chaka chilichonse pamapezeka chifukwa: mashifiti, ana ali pa mayeso, holide sanapatsidwe. Abale akhala akudikira kumanga chiliza poti mwana woyamba ndi iwo. Tsopano mlongo wawo wanena poyera kuti Sepitembala uno amanga, abwere asabwere.

Ndiye taganizani. Munthu wakwera ndege usana ndi usiku, wakajambula manda a anthu osawadziwa, pamene a mayi ake omubala sanawaone.

Musathamangire kuwaweruza. Tilipo ambiri, ku Peckham, ku Wembley, kuno ku Ilford. Maliro akagwa timasonkhana m'chipinda chochezera cha mnzathu, kuimba nyimbo ziwiri zitatu motsitsa kuti aneba asadandaule, wina n'kuyang'ana wotchi poti basi yopita kuntchito yayandikira. Nkhata timatumiza. Bokosi timagula labwino. Koma zaka zikadutsa, njira itatseguka, timayamba kunena kuti kwathu kumanda sapitako wamba.

Mwambowu ndi woona, koma watikomera mopitirira. Tikubisalamo. Chimene timaopa si mizimu ayi. Bola ngati sunaone mtumbira, kumtima umanamizira kuti mayi ali kumudzi, kungoti foni yawo sikugwira. Komanso pali maso a abale amene anasenza bokosi iwe kulibe. Ndani amafuna kukumana nawo maso amenewo?

Anaphiri anasonkhanitsa zithunzi zawo n'kunena kuti Lolemba anakalembetsa holide ya Sepitembala, ndipo sanachoke mu ofesi mpaka bwana atasaina.

"Ndikupita. Akandinene, ndikamva. Nanga inu, achimwene, bambo anu aja munakawaona?"

Ndinayamba kufotokoza za mashifiti. Anaphiri anangondiyang'ana.

Bambo anga anagona zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Nditafika lero pamanda a kwathu, ndingafunike munthu wondilozera pamene ali. Inu a kwanu mungawapeze nokha?