Jakisoni wa Ketty

Ba Maud a ku Kanyama ndi mayi wogulitsa matimati, wosaseka zopusa. Chaka chomwe mafakitale ankatsekedwa, amuna awo ba Fanwell anachotsedwa ntchito, banja lonse n'kutsamira pa tebulo la matimatilo. Ngati zimenezo sizinakwane, mwana wawo Ketty, wa giredi folo, anayamba kupuma mwawefuwefu, mawondo akuphwanya.

Ku chipatala chachikulu anamupaka mafuta ozizira pachifuwa n'kuyendetsapo kachipangizo, mtima n'kuoneka pagalasi ukugunda. Dokotala sanabise: kachitseko kamodzi ka mumtima kanawonongeka ndi zilonda zapakhosi zomwe sizinachizidwe. "Makinawa amangoona, mayi, sachiza. Chomuteteza ndi jakisoni mwezi uliwonse, osadumphitsa."

Ba Maud anamva. Koma apongozi awo, ba Hilda, anamva zawozawo. Anazungulira komboni yonse, chitenje chili m'chiuno, kulengeza kuti mdzukulu wawo walowa pamakina aakulu, basi wachira. Anthu ena, inu!

Dzinja litafika, ba Maud anaitanidwa ku Petauke kukadwazika mayi awo. Ponyamuka anachita kuwagwira dzanja ba Fanwell: jakisoni, jakisoni, chonde. Bambo anagwedeza mutu ngati munthu.

Pobwerako, mvula itatha, anapeza Ketty akugona chokhala, mapazi atatupa, nsapato zosalowa.

"Kukiliniki munali kumupeleka?" anafunsa ba Maud.

"Iwe, mwana anachoka kale pamakina," anatero ba Hilda. "Manje vomulasalasa ni va chani? Enze kulila maningi."

Ba Fanwell anati njira inali ndi madzi. Madzi omwewo ankawadumpha tsiku ndi tsiku popita kokachasu! Ba Maud anawayang'ana, n'kulavula pansi pamaso pa apongozi. Za ulemu anaziiwala, ndipo mpaka lero sanapepese.

Anamubereka Ketty kumbuyo, msinkhu wonsewo, mpaka kokwerera basi. Kuchipatala, dokotala anayang'ana pagalasi paja nthawi yaitali. Kachitseko kachiwiri nako kanali katayamba kutayikira. Chotsala chinali opaleshoni ya kunja kwa dziko. Kunja! Munthu wa matimati!

Tsopano kukiliniki amapita naye okha, kaya kugwe chimvula chotani. Ketty amakhala pathumba pambali pa tebulo, chifukwa akangoyenda pang'ono mpweya umamuthera. Anzake akamadutsa ndi yunifolomu, iye amafunsa kuti, "Amayi, nanga ine kusukulu nizayamba liti?"

Ba Maud amangounjika matimati, osamuyang'ana.