Mavitamina a Bibi Anamwa Matimati

Bibi, mphaka wa agogo amene anandilera, ataonda kwambiri, dokotala wa ziweto anatipatsa kabotolo ka mavitamina kuti tizimudonthezera m'kamwa m'mawa uliwonse. Agogo saona bwino, choncho ntchitoyo inagwera ine. Tsiku loyamba Bibi anandikanda dzanja mpaka magazi. Kuyambira pamenepo ndinkapita naye kuseri kwa nyumba, mankhwalawo n'kudonthezera pa matimati.

"Wamwa, mwanawe?"

"Wamwa, agogo."

Kabotolo katha tsopano. Matimati abiriwira kuposa onse m'dera lathu lino la Namacula, koma Bibi sathanso kukwera pabedi kukawatenthetsa mapazi agogo m'chisanu chino. Dzulo agogo anamusisita nthiti, n'kundiuza kuti, "Basi, iwe wayesetsa."

Ndinangoyang'ana kachipsera kanga, komwe kanapola kalekale.